Nyumba ya Mandala ndi Chifukwa cha Kukhalitsa Kwache

Amene mwafikako ku Blantyre muudziwa mseu waukulu uja wochokera m'tauni kunka ku Limbe, umene autcha dzina la Masauko Chipembere. Munthu akayenda nawo pang'ono, asanafike pa Ginnery Corner, napatuka kulowa m'dera la Mandala, apeza nyumba yosanja iri phee pakati pa mitengo, khonde litaizinga. Siiri yaitali monga nyumba za mabanki za mu Victoria Avenue, ndipo ambiri aipitirira osaicheukira. Koma mwa nyumba zonse za njerwa zimene zikali chiimire m'Malawi muno, palibe ina yoiposa kukalamba. Anaimanga chaka cha 1882, Boma la Angerezi lisanadze, njanji kulibe, ndipo pamene pali Limbe lero panali thengo ndi midzi.

Mwezi uno tifuna kukamba za nyumba imeneyi, pakuti ino ndiyo nyengo youmba njerwa ndi kufolera, ndipo ambiri a inu muli pa nchito yomanga. Funso lathu ndi ili: nyumba yomangidwa ndi njerwa, dothi ndi udzu, zinthu zomwezo tiri nazo pakhomo pathu, yatha bwanji zaka zoposa 140, pamene zathu zina zigwa mwana wobadwiramo asanayambe sukulu?

Anaimanga ndani?

Chaka cha 1876 amishoni a ku Scotland anakhazika mishoni yao m'dziko la mfumu Kapeni, naitcha Blantyre, ndilo dzina la mudzi umene anabadwira David Livingstone. Sipanapite nthawi anaona kuti sangathe kuphunzitsa ndi kuchiza anthu, ndi kumalimbananso ndi za nsaru, mchere ndi amtengatenga. Chifukwa chache anthu achuma a ku Glasgow anapangana mu 1878 kuyambitsa kampani yoti izinyamula katundu wa amishoni ndi kuchita malonda. Anayembekezanso kuti malonda abwino adzafooketsa malonda a akapolo, amene anali kupasula midzi masiku amenewo. Dzina lache loyamba linali Livingstonia Central Africa Company, ndipo pambuyo pache inatchedwa African Lakes. Oyang'anira ache oyamba anali anyamata awiri apachibale a ku Edinburgh, John Moir ndi mng'ono wache Frederick.

John anali wobvala magalasi a maso. Anthu poona dzuwa likunyezimira m'magalasimo anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linamkakamira. Linachoka pa munthu nilikhala pa nyumba, linachoka pa nyumba nilikhala pa kampani ndi masitoro ache onse m'dziko muno. Agogo athu akati, "Nsaru iyi ndagula kwa Mandala," anali kutchula maso a Mzungu uja osadziwa. Lero kampaniyo siichitanso malonda, koma dera lonse likali Mandala.

Malo omangapo anasankha pamtunda, kutsidya kwa mtsinje wa Mudi, ngati mailo imodzi kuchokera ku mishoni. Mabuku atchula abale a Moir monga eni nyumba, ndipo nzoona. Koma amene anakumba dothi, naliponda, naumba njerwa, nagwetsa mitengo, namweta udzu, ndiwo anthu a m'midzi ya konkuno, m'dziko la Ayao ndi Amang'anja. Tikamayamika nyumbayi tiyamika manja a makolo athu.

Mamangidwe ache

Masiku amenewo chinthu chiri chonse cha ku Ulaya chinali kudzera ku Quelimane, nichikwera Zambezi ndi Shire pa sitima kufikira pa dooko la Katunga ku Chikwawa. Kuchokera pamenepo chinali kukwera phiri pamitu pa amtengatenga, mtunda wa mamailo oposa 20. Msomali, galasi la zenera ndi loko wa pachitseko, zonse zinali kudza motero. Wofuna kumanga nyumba yaikulu sakadatha kudikira simenti ya kutsidya kwa nyanja. Anayenera kumanga ndi chimene dziko linampatsa, ndi kuchita nzeru kuti chinthu chofewa monga dothi chikhale cholimba.

Nzeru yoyamba ndiyo khonde. Khonde la nyumba ya Mandala ndi lalikulu, ndipo lizinga nyumba pansi ndi pamwamba pomwe. Ena ayesa khonde ndi malo ochezerapo chabe. Iai, nchito yache yaikulu ndiyo kutchinjiriza khoma. Ku Blantyre kugwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka, yambiri m'miyezi isanu yokha, ndipo kawirikawiri idza ndi mphepo yoiombetsa cham'mbali. Khoma la njerwa zomangira dothi likamanyowa chaka ndi chaka, dothi la pakati pa njerwa lisungunuka, njerwa ziyamba kugwedera, mng'alu nuoneka. Koma pamene pali khonde mvula ithera pa denga ndi pa nsanamira, khoma nilikhala louma. Khonde lomwelo liletsa dzuwa la Okutobala kuomba khoma, kotero kuti m'nyumba mukhala mozizira.

Nzeru yachiwiri ndiyo makoma ochindikala. Khoma lochindikala lisenza nyumba ya pamwamba popanda chitsulo m'kati mwache, pakuti kulemera kugawika pa njerwa zambiri. Lichedwanso kutentha usana ndi kuzizira usiku. Amai adziwa kuti madzi a mumtsuko wa dothi azizira kuposa a m'ndowa ya chitsulo. Nyumba nayonso iri chomwecho.

Nzeru yachitatu ndiyo kusanja. Iyi ndiyo inali nyumba yosanja yoyamba m'dziko muno, ndipo anthu a nthawi imeneyo anazizwa kuona nyumba pamwamba pa inzache. Azungu a masiku aja anali kuopa malungo kwambiri, pakuti anali kuwapha ambiri, ndipo anakhulupirira kuti nthendayo ichokera mu mpweya woipa wa m'madambo. Chifukwa chache anakonda kumanga pamtunda ndi kugona m'mwamba. Zakuti udzudzu ndiwo utenga malungo anazitsimikiza Ronald Ross mu 1897, nyumbayi itatha kale zaka 15. Analakwa chifukwa chache cha nthenda, koma malo anasankha bwino: pamtunda madzi saima, mphepo ipita, ndipo udzudzu uchepa. Pokhala m'mwamba munthu anali kuonanso patali, ndipo m'masiku a nkhondo chimenecho sichinali chinthu chachabe.

Lero nyumbayi iri ndi denga la malata, ndipo yakonzedwa kambiri pa zaka zonsezi. Chimenechi ndicho chinthu chachinai, ndipo chiposa zina zija: siinakhalepo bwinja. Mwakhala muli anthu oona pamene padontha, pamene chiswe chayamba kumanga, pamene thabwa labvunda, nakonza bvuto likali laling'ono.

Pafupi pomwepo pali umboni wina wa chimene dothi la Blantyre lingathe kuchita. Tchalichi cha St Michael and All Angels ku mishoni anachimanga kuyambira 1888 kufikira 1891. Wotsogolera nchito, David Clement Scott, sanaphunzire za mamangidwe kusukulu iri yonse, ndipo omanga anali anthu a kuno amene anaphunzirira pa nchito yomweyo. Anasema zikombole zamitundumitundu za matabwa, naumba njerwa zokhota ndi zamaluwa, naziotcha pomwepo. Nachonso chikali chiimire.

Nanga mwala?

Wina angafunse kuti, bwanji sanamange ndi miyala monga achita kwao? Inde, ku England ndi ku Scotland nyumba zambiri zakale nza miyala. M'mzinda wa Lincoln muli nyumba ya miyala yotchedwa Jew's House, imene yatha zaka zoposa 800, ndipo anthu akali kuigwiritsa nchito. Koma mwala wa nyumba zotere ndi mwala wa laimu, wofewa pousema, umene mmisiri audula monga afuna. Mwala wa m'mapiri athu a Ndirande, Soche ndi Michiru ndi wouma kwambiri, ndipo kuusema kufuna zitsulo zambiri ndi amisiri ozolowera. Dothi lofiira loumbira linali ponseponse, nkhuni zinali zambiri. Kotero Blantyre anakhala mzinda wa njerwa.

Nyumba za miyala za nthawi imeneyo ziripo m'dziko muno, koma kumpoto. Ku Livingstonia, pa phiri la Khondowe, kuli Stone House ya chaka cha 1903, m'mene anakhalamo Dr Robert Laws, ndipo tsopano asungiramo zinthu zakale. Pa chisumbu cha Likoma, pamene mwala uli pakhomo, amishoni a ku England anayamba mu 1903 kumanga ndi miyala tchalichi chachikulu cha Petro Woyera. Mmisiri wanzeru amanga ndi chimene chiri pafupi, ndipo achidziwa bwino khalidwe lache.

Pali phunziro limodzi limene amisiri a ku England analipeza mowawa. Nyumba zao zakale anazimangira laimu wosanganiza ndi mchenga. Simenti itachuluka, ambiri anayamba kumata nayo ming'alu ya nyumba zakalezo, poyesa kuti cholimba koposa ndicho chabwino koposa. Patapita zaka anaona miyala irikufumbutuka. Chifukwa chache nchakuti laimu alola chinyezi kutuluka, koma simenti ichitsekera m'kati mwa khoma, nichidya mwala pang'onopang'ono. Tsopano okonza nyumba zakale abwerera ku laimu. Zomwezi zichitika kwathu kuno munthu akamata simenti pa khoma la zidina: kunja kuoneka bwino, koma madzi akalowa pa kamng'alu satulukanso, ndipo tsiku lina chimato chonse chigwa ngati khungwa la mtengo wouma. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene nyumbayi yaona

Nyumba ya Mandala siinali yogonamo yokha. Pabwalo pache panali nkhokwe za katundu ndi mpanda wolimba. Apa ndipo panali kufikira minyanga ya njobvu yochokera ku nyanja, ndi nsaru ndi mikanda zochokera ku Ulaya. Apa amtengatenga anali kutula, nasenzanso kunka ku Matope, kumene sitima zina zinali kudikira ulendo wa ku nyanja.

Chaka cha 1884 nkhondo ya Angoni a Chikusi inaoloka Shire nilowa m'mapiri a Blantyre. Midzi inatenthedwa, anthu ambiri anagwidwa, ena anathawira m'mapiri, ndipo ena anathamangira ku mishoni ndi ku Mandala, napulumukira kumeneko. Nyumbayo nkuti iri ndi zaka ziwiri zokha.

Kuyambira 1887 kufikira 1889 kampaniyo inamenyana ndi Mlozi, wogula akapolo wa ku Karonga, ndipo abale a Moir onse awiri anabvulala pa nkhondoyo. Mlozi anagonjetsedwa ndi Boma mu 1895.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe ananyamuka ku Mbombwe, ndipo gulu lina linafika ku Mandala mbandakucha, kufuna mfuti ndi zipolopolo zimene zinali kusungidwa m'nkhokwe ya kampani. Anatengako mfuti zowerengeka chabe, mfuu itamveka, ndipo ena anagwidwa naphedwa. Masiku otsatira Azungu a ku Blantyre anasonkhana m'linga la Mandala ndi mantha. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho, ndipo lero dziko limkumbukira pa 15 Januwale.

Tisabise kuti mbiri ya kampaniyi iri ndi mbali ziwiri. Inatsegula njira ya malonda, inathandiza kuthetsa ukapolo, ndipo anthu ambiri anaphunzira nchito m'masitoro ndi m'sitima zache. Komanso inagulitsa mfuti ndi wonga pogula minyanga, inatenga malo oposa maekala 2,000,000 kumpoto kwa dziko lino pa mtengo wochepa, ndipo amtengatenga ache anasenza katundu wolemera pa malipiro a nsaru pang'ono. Munthu woima pakhonde la Mandala ayenera kukumbukira zonse ziwiri.

Lamulo loteteza nyumba zakale

Ku England, mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ataononga nyumba zambiri zakale, Boma linaika malamulo mu 1944 ndi mu 1947 olamula kuti nyumba zofunika zilembedwe m'kaundula. Tsopano m'kaundulamo muli nyumba zoposa 370,000, zogawidwa m'magulu atatu monga mwa kufunika kwache. Nyumba yolembedwa ikhalabe ya mwini wache, ndipo akhoza kugonamo, kuibwereketsa kapena kuigulitsa. Koma sangaigwetse, kapena kusintha mazenera ndi denga lache, popanda chilolezo. Wochita dala aimbidwa mlandu.

Kwathu kuno Boma linakhazika ofesi yoyang'anira zinthu zakale mu 1967, ndipo lamulo limene liteteza malo otere ndi la 1990, lotchedwa Monuments and Relics Act. Nyumba ya Mandala iri m'gulu la malo otetezedwa, pamodzi ndi tchalichi cha St Michael and All Angels ndi nyumba zina zakale za m'tauni. Palibe munthu aloledwa kuigwetsa kapena kuisintha popanda chilolezo cha Boma. M'chipinda cha m'mwamba muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale za bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndi dzina la Nyasaland Society. Pansi pali malo oonetsera ndi kugulitsira zojambula ndi zosema, ndi malo odyera.

Alipo onena kuti, "Tisungirenji nyumba ya atsamunda? Malo a m'tauni ndi a ndarama zambiri. Igwetseni pamangidwe nyumba ya maofesi." Mau amenewa sitiwanyoza, pakuti mzinda ufunadi malo, ndipo si nyumba yakale iri yonse iyenera kusungidwa. Koma taganizani. Mlandu wa malire a munda ukabuka, mfumu ifuna mboni: mtengo umene anabzala agogo, chulu, kapena manda. Mboni zikatha, wamphamvu ndiye anena mbiri monga afuna. Nyumba ya Mandala ndi mboni yotere. Mwana wa sukulu wowerenga za amtengatenga kapena za Chilembwe akhoza kupita kukaponda pamalo pomwepo, nakhudza khoma ndi dzanja lache. Ikagwa sitidzaimanganso, pakuti njerwa zatsopano sizinaone kanthu. Ndipo kuisunga sikutamanda atsamunda iai. Iwo anapita mu 1964, nyumba inatsala m'dziko la adzukulu a amene anaiumba.

Komabe lamulo lokha silifolera denga. Nyumba yotetezedwa pa pepala, yopanda munthu woisamala, igwa monga zigwera zina. Chimene chapulumutsa Mandala nchakuti ikali ndi nchito, ndipo anthu alowamo ndi kutulukamo tsiku ndi tsiku.

Phunziro la pakhomo pathu

Tonse tikumbukira Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka m'chigawo cha kumwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nizikwirira nyumba ku Chilobwe usiku, anthu ali m'tulo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasiya nyumba zao. Kumene kunadzera chigumukire palibe nyumba ikadaima, ngakhale ya simenti. Koma nyumba zambirimbiri m'midzi zinagwa popanda chigumukire, chifukwa chakuti makoma anamwa madzi kuyambira pansi, nafewa, nakhala pansi. Ambiri mwa mabanja amenewo anali osauka, omanga pamene anapeza malo ndi chimene anali nacho, ndipo sitiwaweruza. Koma ziripo zinthu zimene munthu angachite popanda ndarama zambiri, ndipo nyumba ya Mandala itiphunzitsa zimenezi.

Choyamba, malo. Musanakumbe maziko, kaonenipo mvula irikugwa, mudziwe kumene madzi adzera. Funsani akulu a m'mudzi ngati madzi anafikapo kale. Safunsa anadya phula. Pewani dambo, m'mphepete mwa mtsinje, ndi m'tsinde mwa phiri lopanda mitengo.

Chachiwiri, maziko. Kumbani kufikira dothi lolimba, ndipo maziko akhale otambalala kuposa khoma. Ngati kwanu kuli miyala, yalani miyala. Apa ndipo mwala uposa njerwa, pakuti sumwa madzi. Nyumba ikwere pamwamba pa bwalo ngati mizere itatu ya njerwa. Ngati muli ndi thumba limodzi lokha la simenti, lithereni m'mizere ya pansiyi, ndipo pamwamba pache yalani pepala la pulasitiki lochindikala musanapitirize khoma, kuti chinyezi chisakwere.

Chachitatu, khonde. Makolo athu anali kumanga nyumba ndi khonde kuzungulira, denga litatsika ndithu. Masiku ano ambiri, pofuna kusunga ndarama ya malata, adula denga pafupi ndi khoma, kapena akweza khoma kubisa malata monga nyumba za m'tauni. Malata awiri kapena atatu amene mwapulumutsa mudzawalipira ndi khoma lonse. Denga lipitirire khoma mbali zonse zinai, makamaka mbali imene mvula idzera, ndipo pansi pache muumbe chiguwa chotsetsereka, chotaya madzi kutali.

Chachinai, kumanga denga. Kusanjika miyala pamwamba pa malata sikuletsa mphepo. Mitanda imangidwe ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo pansi, kuti mphepo ikafuna kunyamula denga iyambe yanyamula khoma.

Chachisanu, ngalande. Lambulani ngalande kumtunda kwa nyumba mvula isanayambe, yopatutsa madzi, koma osawalozetsa pakhomo pa mnansi wanu. Nchito imeneyi ikoma pochitira pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chachisanu ndi chimodzi, chiswe. Mtengo uli wonse wa nyumba usakhudze dothi. Nsanamira ziime pa mwala kapena pa njerwa. Mukaona kanjira ka chiswe pakhoma, kaphwanyeni tsiku lomwelo, ndi kulondola kumene kachokera.

Chachisanu ndi chiwiri, kukonza chaka ndi chaka. Mwezi wa Seputembala kapena Okutobala bambo akwere padenga, aone udzu wobvunda ndi misomali yozuka. Mai azire ndi kumata ming'alu. Ana alambule ngalande. Khoma la zidina limatidwe ndi dothi losanganiza ndi mchenga, ndi kupakidwa njereza ngati ipezeka. Nchito ya masiku awiri ipulumutsa nchito ya miyezi isanu.

Tinenenso za nkhuni. Pamene anamanga Mandala mapiri a Blantyre anali ndi nkhalango. Lero Ndirande ndi Soche ali mbee, ndipo mauvuni a njerwa ndi makala anathandiza kuwameta. Phiri lometedwa silisunga madzi, ndipo amene ali m'munsi ndiwo alira. Mu 2018 Boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nchito zomanga za Boma ndi za malonda, nililimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi zotsindira pa makina. Munthu wa kumudzi amene sangathe kugula zimenezi asadziyese wotsalira. Zidina zoumbidwa bwino, zouma bwino, zokhala pa maziko a miyala ndi pansi pa denga lotambalala, zikhalitsa kuposa njerwa zootcha theka zoima m'madzi. Ndipo amene waotcha uvuni abzale mitengo m'malo mwa imene wadula, kuti mwana wache adzapeze phaso.

Inu aphunzitsi ndi makolo, mukapita ku Blantyre ndi ana kukaona wodwala kapena kukagula mbeu, patulani ola limodzi mukaione nyumba ya Mandala. Auzeni ana ayese kutambalala kwa khonde ndi mapazi ao, ayang'ane kuchindikala kwa khoma pa zenera, ndipo afunse kumene madzi a padenga apita. Pobwera kwanu muzungulire nyumba yanu ndi mafunso omwewo, mvula yoyamba isanagwe.

Mwezi wa mawa tidzakamba za nkhokwe, ndi kasungidwe ka chimanga kuti anankafumbwe asachithe.